Nkhope Yanu Inatsalira pa Thandala

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno tilipo. Madzi a Chilwa amene munawasiya atathawira kutali aja anabwerera, moti mabwato akukocheza pa Kachulu penipeni, ndipo matemba achuluka mpaka kusowa poyanika. Ine ndinachira mu Novembala, mwana wamkazi. Tinamutcha Elube, dzina lanu, ndipo ukali wanu anautengeratu. Akalira amamveka mpaka kumsewu.

Koma ndili ndi mlandu woti ndiulule. Chithunzi chanu chija ndinachiwononga.

Mukukumbuka tsiku limene amayi a mudzi uno munakavina ku Zomba mutavala nsalu ya chipani? Pobwerera munakumana ndi wojambula wapanjinga uja pa Songani. Munkati simufuna kuyang'anitsitsidwa ndi kabokosi kosaphethira, koma anzanu anakukakamizani mpaka munaima njo ngati msilikali. Chithunzi chanu chinali chokhacho. Chichokereni inu ndinkachisunga m'buku la nyimbo pamwamba pa khoma.

Mvula ya mu Januwale inaboola denga, buku lonse n'kunyowa. Sindinaganize zambiri. Kuno chilichonse chonyowa timayanika pa thandala, ndiye ndinakachiika pambali pa matemba, nkhope ili pansi kuopa kuti dzuwa lingakusuwitseni. Pokachinyamula chitauma, nkhope yanu inamatirira pa bango. M'manja mwanga munatsala nsalu, mapazi ndi dzanja limodzi. Ndinayesa kukanda bango lija ndi chikhadabo, koma tinkachoka ndi tinyenyeswa totuwa basi.

Bambo a Elube anapalasa njinga mpaka ku Songani kukafunafuna wojambula uja. Anamupeza, koma filimu ya chaka chimenecho anali atataya kalekale.

Amayi, ndinalira kuposa tsiku la maliro. Ndikatsinzina kuti ndikuoneni, ndinkangoona pepala loyera. Milungu itatu sindinatuluke m'nyumba, chakudya sichinkalowa, ndipo mkaka unayamba kuchepa m'mawere. Mantha anga anali oti mwanayu adzandifunsa kuti agogo anali otani, ine n'kusowa choyankha.

Chinanditulutsa ndi mbande za mpunga, zimene zinkakalamba pa nazale ku sikimu ya Likangala. Paja munkati munthu wodwala mtima asamagone masana, azikaponda matope. Ndinkayesa ndi nzeru yanu yotitumira ntchito, ndipo mwina inalidi choncho, koma ndinabereka mwana n'kupita. Matope a m'mawa anali ozizira, ankalowa pakati pa zala za kumapazi n'kundigwira m'akakolo. Akakowa ankayendayenda pafupi osandiopa. Nditawokera mizere iwiri ndinamva mtima ukutsika, ndipo nthawi ya masana ndinamva njala koyamba.

Ndikupuma m'mbali mwa ngalande, ndinasalaza matope ndi chikhatho, chala n'kuyamba kulemba chokha. Mphini zitatu tsaya ili, zitatu tsaya linalo, zija anakutemani muli mtsikana musanawoloke malire kubwera kuno. Yapakati ya kumanzere inali yokhota. Ndinadziwa bwanji? Miyezi yonse munkadwala ija, ndine ndinkakusukusulani ndi kukudzolani mafuta m'mawa uliwonse. Zala zangazi zikudziwa pamene fupa la tsaya linatulukira, zikudziwanso kadzenje ka pachibwano. Wojambula uja anaima patali, moti mphinizo sizinaoneke n'komwe pa chithunzi chake.

Atatsegula madzi m'ngalande muja, zonse zinafafanizika, koma sindinadandaule. M'mawa mwake ndinakujambulaninso, ndipo mphuno ndinaikhoza bwinoko. Anzanga a minda yoyandikana amandiseka kuti ndabwerera ku masanje. Ndimangowasiya.

Tsopano mpunga wayamba kutulutsa ngala, ndipo tikakangana bwino ndi mbalame tikolola wokwanira. Mkaka wabwerera, Elube wanenepa mpaka mkanda wa m'chiuno ukumuthina. Denga tinafolera. Chotsala cha chithunzi chija sindinataye, mapazi anu akuoneka bwino ndithu.

Ndikulonjeza kuti Elube akadzayamba kuyenda ndidzapita naye kumunda kuja. Ndidzagwira kachala kake, tidzalembe limodzi mphini zanu pamatope, lero ndi mawa, mpaka adzathe kuzilemba ine kulibe.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndakusowani.

Ine mwana wanu,
Esinati