Mphuno ya Amayi

14 Marichi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko. Kuno tikudzuka, koma zimene ndinaona Lamulungu lapitali sizikuchoka m'maso mwanga. Tinalipo atatu: amayi, alamu anu ndi ine.

Kuhotela kumene ndimakonza zipinda, abwana akutiphunzitsa mawu a Chingerezi onena za fungo, kuti mlendo akadandaula tizidziwa chothamangira. Ife timangoti chanunkha kapena chanunkhira, koma iwo liwu lililonse lili ndi ntchito yake. Akati "fragrance" ndi kununkhira kwa maluwa kapena sopo, "aroma" ndi kwa chakudya chili pamoto, "musty" ndi kafungo ka thaulo losauma bwino. Akati "stench" ndiye usafunsenso, china chake chaola.

Pofuna kuloweza, ndinaika patebulo khofi, sopo, thaulo lonyowa ndi mkaka wowonongeka. Alamu anu anati, "Mayesowa ayambe ndi Apolisi." Simunaiwale kuti dzinali ndi la amayi, aja ankamva fungo la fodya wanu mukadali pageti. Tinawamanga mpango kumaso tikuseka.

Ndinawayandikizira khofi. "Sopo uyu," anatero. Tinaseka poyesa kuti ndi nthabwala. Kenaka ndinawayandikizira mkaka uja, umene ineyo ndinaugwira nditayang'ana kumbali. Anakoka mpweya kawiri, nati, "Aa, sopo wina wamaluwa."

Achimwene, amayi anamasula okha mpango uja, n'kuyang'ana m'kapu.

"Amayi, zayamba liti?"

"Chidwalireni chimfine chija chaka chatha. Palibe chimene ndimamva, mwanawe."

Mukudziwa kuti kusukulu ya mkaka kumene amaphika, nyama ndi mkaka sizilowa mumphika iwo asananunkhize. Ophika anzawo anasiya kale kununkhiza, amangoyang'ana mutu wa amayi.

"Nanga m'mawa uliwonse mumatani?"

"Ndimaika pamphuno, n'kugwedeza mutu."

"Ana a eni ake, amayi!"

"Tsitsa mawu, iwe. Ndikaulula, pakhitchini paja ndidzakhala ndani?"

Sindinawakwezerepo mawu chibadwire, koma ndinawauza kuti akapanda kukanena okha, ndikanena ndine. Lolemba m'mawa ndinawapeza atavala kale, akundidikira pakhomo.

Ananena okha kwa aphunzitsi aakulu, ine nditaima kumbuyo. Aphunzitsiwo anagwira pakamwa, kenaka anatsegula mabuku a ana odwala, ndipo mwamwayi sanapeze choopsa. Ntchito sanawachotse. Makiyi a firiji anaperekedwa kwa wophika wina, amayi tsopano akutsuka mbale. Pobwerera amayi anati, "Apolisi apuma pantchito." Ndinalephera kuseka.

Kuchipatala tipita Lachisanu. Chonde mukaimba foni musawafunse za nkhaniyi, adzayamba okha. Ndipo mafuta onunkhira aja munalonjeza atumizenibe, amawadikira.

Alamu anu akupereka moni. Amayinso akuti moni wambiri, muzivala zofunda. Dzulo ndinawapeza kuchipinda kwanu atakumbatira jekete lanu lakale lija, nkhope ataikwirira pakolala. Atandiona anati, "Umuuze kuti likadali ndi fungo lake."

Ndalemba monga ananenera.

Ndine mlongo wanu,
Chitsirizira