Mbiri ya Malemu Ramiro

West Bromwich
14 Novembala

Okondedwa achimwene a Fumbani,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti dzuwa linatithawa mwezi watha osasiya adiresi.

Chimwalirire bambo simuyankha foni yanga. Kalata ilibe batani lodulira, choncho muwerenga basi.

Lachiwiri tinawotcha munthu. Musadzidzimuke, kuno maliro amatero. Anali a Ramiro, nkhalamba ya ku Argentina imene ndinkaisamala ku care home, nyumba yosungira okalamba kumene ndimagwira ntchito. Pa unyamata wawo anali katswiri wa mpira. Anagoletsa kwawo mpaka timu ina ya kuno inawatenga, sitediyamu yonse n'kumaimba dzina lawo. Zigoli zambiri zinali zamutu, ndipo mpira wachikopa uja unadzawabwezera powawononga ubongo. Pamene ndinkawadziwa, supuni ankaiyang'ana ngati mlendo. Ndikamawasambitsa ankandikalipira kuti ndachedwa kuwapatsira mpira. Ine amene munkandiika pagolo chifukwa cha kunenepa.

Atamwalira, manijala wathu Jade anati achibale sanapezeke, khonsolo ichita zonse, palibe chifukwa chopitira. Ndinamufunsa kuti nanga mbiri ya malemu awerenga ndani. Anandiyang'ana ngati ndamupempha mbuzi.

Ndinapita ndekha kumalo owotchera mitembo, nditavala suti ija ndinamalizira nayo koleji. M'chipindamo munali ine, bokosi, ndi bambo wotseka makatani obisa bokosi likamapita kumoto, amene anandipatsa mphindi khumi. Ndinaimirira n'kuwerenga mbiri yawo monga timachitira kwathu: kumene anabadwira, matimu awo, zikho, bondo limene linawasiyitsa mpira. Ndinawerenga m'Chichewa, mipando sinadandaule. Sindinaphonye chaka ngakhale chimodzi, poti ndinafufuza milungu iwiri.

M'basi pobwerera ndinayesa kuchita chimodzimodzi ndi bambo athu. Achimwene, ndinathera pa chiganizo chachitatu. Chaka chimene anayamba ntchito ku esiteti ya fodya sindichidziwa. Dzina la mayi awo owabereka sindilidziwa. Ndimadziwa chifuwa chawo ndi wailesi imene ankamverera mpira, basi.

Tsopano imvani. Ndinakuuzani kuti abwana anandikaniza tchuthi cha maliro. Linali bodza, sindinapemphe n'komwe. Ndinkadziwa kuti pepala la mbiri mudzapatsa ine, mwana wa ku koleji, wokamba nkhani pabanja pathu, ndipo mudzi wonse udzaona kuti za bambo wanga ndilibe chonena. Ndinasankha shifiti.

Mbiriyo munawerenga ndinu. Ngati pepalalo likadalipo, nditumizireni. Ngati linatayika, ndiimbireni mundiuze pakamwa, ngakhale mutayamba ndi kunditukwana. Ndidzakhala chete, chinthu chimene simunandionepo ndikuchita.

Mundiperekere moni kwa mayi ndi kwa azakhali a Ellah. Za bodzali musawauze, ndidzawauza ndekha ndikadziwa dzina la agogo. Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu, goloboyi wanu wakale,
Sangwani