Botolo la Pansi pa Mtsuko

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Chimadzi tilipo, kungoti mwendo wa amayi ukuvutabe.

Apulofesolo athu a kusukulu anatipatsa ntchito ya mayeso yosakaniza mkuwa ndi amoniya kuti zigwirane, timiyala tabuluu timere m'botolo. Koma kutentha kwa Tete kumaumitsa zonse msanga, kumangotsala ufa. Ndiye ndinakwirira botolo langa mumchenga wonyowa pansi pa mtsuko wa madzi akumwa. Timiyala tinameradi.

Amayi analipeza posesa. Anaitana abusa kudzapemphera, kenako analitaya m'chimbudzi. Mayesowo ndidzabwereza.

Ndawafotokozera, sakundimva. Akuti amene analikwirira ndi akazi anu, ndipo asiya kudya zophika iwo. Chonde aimbireni foni, inu amakumverani.

Ambuye akusungeni. Imbani msanga, alamu ayamba kulongedza katundu.

Ndine mlongo wanu.