Mayina a nyenyezi za ababa

Achemwali Asiya,

Asalamu aleikumu. Muli bwanji kumeneko ku Ulongwe? Nanga maso a ababa, ng'ala ija anakaionetsa kuchipatala? Ine kuno ku Joni ndili moyo, kungoti kuzizira kwake n'kwa nkhanza.

Amene akufalitsa zoti ndine manijala asiye. Ndimagwira pa loji ina kutali ndi tauni, ndimanyamula mabulangete ndi mipando ya alendo obwera kudzaona nyenyezi. Zaka zitatu za ku yunivesite zinathera pamenepo. Muwauze achimwene Abdulrahim aseke mokwana, poti iwo sukulu anaithawa ali sitandade 5 ndipo lero ali ndi minibasi ya Liwonde.

Kalatayi muwawerengere ababa, musadumphe mzere.

Mukukumbuka sadaka ya amayi? Titatha swala ya magharibi, pemphero la dzuwa litalowa, ababa ankaonetsa alendo nyenyezi zitatu zondondozana zija, n'kumatchula Mintaka, Alnilamu, Alnitaki, kenaka yowala ija Rijili ndi inzake Saifu. Ine, ndi chaka chimodzi chokha cha ku koleji, ndinanena pamaso pa anthu kuti zimenezo ndi nthano za kumadrasa, mayina enieni ali m'mabuku a Chingerezi amene iwo sangawerenge. Anthu ena anaseka. Ababa anangopinda mkeka wawo n'kulowa m'nyumba. Kuyambira tsiku limenelo sanandionetsenso kanthu kumwamba, ndipo ine sindinapepese.

Mwezi wathawu kunabwera mayi wina wophunzira za nyenyezi kudzaphunzitsa alendo. Analoza zitatu zomwe zija n'kutchula Mintaka, Alnilam, Alnitak. Ndinaima ndi mabulangete m'manja ngati chitsa. Anafotokoza kuti mayinawa ndi a Chiarabu, ndipo akatswiri a dziko lonse amagwiritsa ntchito omwewo. Atafunsa ngati alipo akudziwa tanthauzo la Rigel, yomwe ababa amaitchula Rijili ija, pakamwa panga panayankha pokha kuti ndi mwendo, Mintaka ndi lamba, Saifu ndi lupanga.

Mayiyo anadabwa, nandifunsa kumene ndinaphunzira. Achemwali, ndinati ku yunivesite.

Bodza limeneli likundiwawa kuposa njala imene ndinaiona chaka choyamba kuno. Munthu ndinamunyoza pagulu, lero ndamuberanso nzeru zake n'kuzipereka kwa sukulu imene inandilavula.

Tsopano abwana akuti ndiziwafotokozera alendo ndekha mayiyo akapita. Ine ndikukumbuka mayina asanu okha. Ababa amadziwa ambirimbiri, a m'nyengo ya mvula ndi a m'chilimwe, amene ankawawerenga popita kumzikiti kukaitana adhana, yodzutsa anthu ku swala ya m'bandakucha.

Pempho langa ndi limodzi. Muwakhazike pakhonde, muwajambule mawu pa foni akutchula nyenyezi zonse monga anaphunzirira kwa shehe wawo, munditumizire. Musadikire maso atseke. Musawanamize kuti ndi za ana anu, muwauze kuti wapempha ndi Zubairu, yemwe uja wa mabuku a Chingerezi. Akakana, musawakakamize, ali ndi chifukwa.

Koma muwauze kuti mayi uja ndinabwerera kukamuuza zoona. Analemba dzina la ababa m'kabuku kake: Che Hamadi, Ulongwe. Dzina langa sanalifunse, ndipo anachita bwino.

Moni kwa alamu, kwa azakhali a ku Nsamala, ndi kwa ana onse. Kwa ababa sindikudziwa ngati moni wanga angaulandire, komabe muupereke.

Ndine mlongo wanu,
Zubairu