Akuti ndayalira apongozi nsanda kudenga

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 34, ndimasoka zovala pakhonde pathu ku Chinsapo. Apongozi anga anadwala sitiroko chaka chatha ndipo tikukhala nawo, tsiku lonse ali gone m'chipinda chakumbuyo. Nyumba yathu ilibe siling'i. Okutobala akafika malata amachita kuthetheka, mayiwo thukuta kamukamu, msana wonse zidzolo. Fani tili nayo, koma magetsi akewa mukuwadziwa.

Kalipentala wina wa ku Kawale, a Mackson, anandiuza za chotchinga kutentha chimene amaika m'maofesi atsopano. Amati insuleshoni. N'chokhuthala ngati bulangete, choyera, mbali inayo chonyezimira. Ndinagula chokwana chipinda chimodzi, anachikhoma kunsi kwa malata. Chiyambire tsikulo mayi akumagona tulo masana, mpaka ayambiranso kundikalipira kuti tiyi ndachepetsa shuga.

Lamlungu kunabwera mlamu wanga Aminah. Atangoyang'ana kudenga anagwira pakamwa. "Alamu, mwawayalira nsanda mayi akadali moyo? Mwatopa nawo eti?" Basi, nkhani yafika kwa abale onse kuti ndikuwalaula. Agamula kuti pofika Lachisanu ndikhale nditachotsa, apo ayi adzawatenga kupita nawo ku Mgona, kukachipinda komwe kandulo amapindika asanayatsidwe. Amuna anga, a Idrissa, angoti, "Ingochotsa, tisayambane ndi abale."

Aphungu, sindichotsa! Amene ndimawasambitsa ndi kuwatembenuza mayiwa ndine. Aminah amabwera kamodzi pamwezi, nthochi zitatu m'manja, mawu thumba lonse. Zandipweteka kwambiri kundiyesa wofunira munthu imfa. Komanso ndili ndi mantha, akapita ku Mgona kutentha kuja kukawamaliza. Nditani?

Z.L.,
Chinsapo, Lilongwe

Mayi Z.L.,

Musachotse. Pamenepo ndili nanu, ndipo zikomo posamalira apongozi ngati okuberekani. Koma nanunso taganizani: chinthu choyera mbuu chili lende pamwamba pa wodwala, mwana woopa kutaya mayi ake achiona bwanji? Mlamu wanuyo pakamwa m'pakuthwa, koma chimene chikumuyankhulitsa ndi mantha.

Itanani a Mackson mawa lomwe adzatseke ndi siling'i, ngakhale ya pulayiwudi, mupake penti yobiriwira. Zinthu zimenezi sizifunika kukhala pambalambanda, zina zimayoyoka tiulusi toyabwa ndi totsokomoletsa, ndiye wodwala wagona pansi pake. Muwafunsenso ngati anasiya kampata pakati pa mbali yonyezimirayo ndi malata, chifukwa zikagundana mphamvu yake imachepa. Aonetsetsenso kuti mawaya a magetsi sakukhudzana nayo.

A Idrissa muwauze maso ndi maso kuti mayi ndi awo, asabisale kumbuyo kwa chitenje chanu. Lachisanu alamu muwaitane nokha, abwere anthu akamachokera kumzikiti, dzuwa lili paliwombo. Muwakhazike kaye pabalaza pomwe pali malata okhaokha, muwapatse tiyi wotentha, osafulumira. Akayamba kudzikupiza ndi mipango, ndiye muwalowetse kwa mayi. Inu osalankhula zambiri, khungu lawo lidzawauza lokha.

Chenjerani ndi lilime lanu. Za nthochi zitatuzo zithere m'kalata muno, mungapambane mlandu n'kutaya abale amene mudzawafune tsiku lina.

Chomaliza n'chakuti m'nkhani yonseyi sindinamve aliyense, ngakhale inuyo, atafunsa eni ake. Sitiroko mwina inagwira mwendo ndi mkono, koma pakamwa pokalipira shuga pali bwinobwino. Afunseni pamaso pa onse kumene akufuna kukhala. Akati ku Mgona, muwalongedzere zovala mosanyinyirika. Koma nkhalamba yoti yangoyamba kumene kupeza tulo masana, ine sindikuiona ikupempha kuti aibwezere mu uvuni.

Aphungu