Loweruka Limene Unakwera Baluni

Matero, Lusaka
Mwezi wa Marichi

Wokondedwa mlongo wanga Kumbu,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino kumeneko ku Turkey, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiya. Kodi kuzizira kwayamba kuchepa? Maphunziro a makina akuyenda bwanji? Ife kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, koma kutchalitchi akupita okha. Alamu ako ali bwino, ana nawonso, kupatula chimfine cha nyengo ino.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni umandidula mawu, inenso ndimakudula. Werenga mpaka kumapeto usanandiimbire.

Wakhala ukundifunsa chifukwa chake mkazi wako Mwiche sakuyankha foni chiikireni maliro a amayi ake. Ndinkakuyankha kuti ndi chisoni, umupatse nthawi. Chisoni chilipo ndithu, koma si chokhacho. Pali zimene zinachitika pasiwa ku Kanyama titabwerako kumanda, ndipo nkhaniyo ikukhudza iwe, ine, ndi chithunzi chimodzi.

Ukudziwa kuti zithunzi zako ndimazikonda. Chija cha asodzi ondandalika pamlatho ku Istanbul, mbedza zawo zili lende pamwamba pa madzi, ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Chija cha mphaka wogona pakhomo la mzikiti Amayi amachitcha "mlonda waulesi". Za miyala yosongoka ngati zulu ku Kapadokiya ndinaonetsa ana anga a sukulu pophunzitsa mmene mphepo ndi madzi zimasemera thanthwe. Uli ndi diso, ndipo kamera ija sunagule pachabe. Ndikunena zimenezi kuti usaganize kuti ndalowa m'gulu la onena kuti kujambula ndi masewera a anthu opanda chochita.

Koma m'mawa wa tsiku loika apongozi ako m'manda, unaika pa sitetasi ya pafoni chithunzi chako uli m'dengu la baluni, jekete yofiira, manja uli tambasu, mano onse panja, dzuwa likutuluka kumbuyo kwako. Unandiuza pambuyo pake kuti linali tsiku lomaliza lotumiza zithunzi ku gulu lanu la ojambula, ndipo sunaganize kuti aliyense achiona. Ndikukukhulupirira. Koma chinaonedwa. M'basi yochokera kumanda foni inkayenda kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo, anthu akuyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.

Titafika tinasamba m'manja pageti. Amuna anakhala panja pansi pa tenti, mapazi ali panjerwa chifukwa cha madzi, ife akazi tinalowa m'nyumba n'kukhala pansi. Mwiche anali pamatiresi pakona, mwana wanu Belinda atagona pamiyendo pake. Manong'onong'o anali ponseponse. Aliyense ankadziwa, koma panalibe woyamba kunena.

Ndiye anaimirira Ba Bwembya, azakhali ake a Mwiche, aja ogulitsa zitenje ku Kamwala. M'mawa umenewo azimayi athu a kum'mawa anali atawapaka kale ufa mpaka m'makutu, monga timachitira ndi Abemba pamaliro awo, ndipo iwo anali asanabweze. Anabwera kwa ine, dzanja lina foni, dzanja lina ufa, nati mokweza: "Imwe bakudya mbeba, mwana wanu ni wochenjela. Amvela ati bapongozi bayenda kumwamba, yeve akwela mu chibasiketi kukabachingamila. Ise tilila pansi, yeve aseka nabo kumwamba."

Nyumba yonse inaseka. Ngakhale Mwiche ndinamuona akubisa pakamwa ndi chitenje.

Iwe unakulira m'komboni ngati ine, ukudziwa chimbuya, chibale cha nthabwala cha pakati pa ife ndi Abemba. Chimene ndinayenera kuchita sichinali chovuta. Ndikanaweramitsa mutu, n'kulandira ufawo, n'kuwabwezera chipongwe chawo. Ndikanati mwana wathu tamutuma akaone ngati kumwambako kuli anyani, kuti Abemba asakafeko ndi njala. Kenako n'kuponya kangachepe m'mbale ya chipepeso ngati chindapusa chako, nkhani n'kuthera m'phwete. Yankho la anyanilo linandibwerera ndili mu minibasi pobwerera ku Matero, litatha ntchito.

Mayi aja ankakupulumutsa, Kumbu. Anatenga chinthu chimene chikanakhala mlandu n'kuchisandutsa nthabwala pamaso pa onse, kuti pasadzakhale wochidzutsanso. Ndazindikira zimenezi mochedwa.

Ine panthawiyo ndinangomva kuti mlongo wanga akunamiziridwa. Anthu ankaganiza kuti unakwera baluni tsiku la maliro, pamene ine ndinkadziwa kuti chithunzicho ndi chakale. Unali utanditumizira pa imelo pamodzi ndi za miyala zija, ndipo zotumizidwa mwa njira imeneyo zimasunga tsiku limene zinajambulidwa. Ndinatulutsa foni yanga, ndinaimirira, inde, ndinaimirira pasiwa ngati ndili kutsogolo kwa kalasi, n'kunena kuti tisamaweruze munthu tisanaone umboni. Ndinawerenga tsikulo mokweza: Loweruka lachiwiri la Januwale, m'mawa.

Kuseka kunatha. Ba Bwembya anatsitsa dzanja, ufa ukuwayoyoka m'zala, nati, "Ba teacher, nenze kusewela chabe."

Kenako Mwiche, amene anali asanalankhule chichokereni kumanda, anandipempha motsitsa mawu kuti ndibwereze tsikulo. Ndinabwereza. Anangosuntha mutu wa Belinda pang'ono, n'kutembenukira kukhoma.

Sindinadziwe chimene ndachita mpaka mchimwene wake wa Mwiche atandiitanira panja. Loweruka limenelo ndi limene amayi awo anagwa ndi sitiroko.

Mwina sunamve bwinobwino mmene tsikulo linayendera, popeza Mwiche si munthu wodandaula. Ndikuuza monga anandifotokozera yekha nditapita kukamuona sabata yathayi. Mvula inali itagwa usiku wonse, ndipo Kanyama ukumudziwa, madzi anali m'mawondo. Mwiche anapita kukawaona amayi ake m'mawa n'kuwapeza pansi pafupi ndi bedi, pakamwa patapotoka. Azichimwene ake anali kuntchito. Wa takisi aliyense amene anamuimbira anakana kulowa m'komboni. Anapempha bambo wina wa wilibala wa pamsika, anayala bulangete, n'kuwakankha mayiwo m'madzi mpaka kumsewu waukulu, iye atagwira mutu kuti usagunde chitsulo.

Njira yonseyo ankakuimbira. Akuti sankafuna kuti uchite kanthu, ankadziwa kuti uli kutali. Ankangofuna umuuze ngati ayambire kukiliniki kapena apite nawo kuchipatala chachikulu, chifukwa mutu wake unali utaima. Foni yako sinkapezeka. Mawa lake unamulembera kuti munali pa shifiti ku fakitale tsiku lonse, ndipo mafoni amakusiyitsani m'maloka osungiramo katundu.

Uthenga umenewo anauonetsa kwa azichimwene ake pamene ankang'ung'udza za iwe kuchipatala. Anawauza kuti mwamuna wake akugwira ntchito ngakhale Loweruka chifukwa cha iye ndi mwana, ndipo asamunyoze. Anakangana nawo pa benchi ya kuchipatala chifukwa cha iwe.

Tiye tione zinthu monga zilili. Kukwera baluni si tchimo. Unali kutali, sunkadziwa kuti mayi agwa, ndipo ukanayankha foniyo sitiroko sikanabwerera m'mbuyo. Ndawerenga za matendawa, ndipo sindikhulupirira kuti mawu ako akanasintha mathero ake. Mwiche nayenso sakunena zimenezo. Akuti ukanamuuza kuti unapita kukaona malo ndi anzako, akanakwiya tsiku limodzi, kenako akanapempha kuona zithunzi. Ndikuganiza kuti unaona mafoni ake onse aja, unamva zimene zachitika, manyazi anakugwira, n'kusankha yankho looneka bwino. Anthu ambiri akanachita chimodzimodzi. Komabe linali bodza, ndipo iye analinyamula n'kukaliteteza pamaso pa abale ake.

Ndipo analidziwira kwa ine, pakati pa anthu, tsiku loika amayi ake.

Ndadzifunsa ngati ndikanakonda kuti choonadicho chisadziwike. Sindikudziwa. Moyo wanga wonse ndakhala ndikuphunzitsa ana kuti chinthu chikhale ndi umboni, ndipo sindisiya. Tsiku limene ndinawerengalo linali lolondola. Koma panalibe amene anandifunsa, ndipo sanali malo ake. Ukanabwera n'kumuuza wekha muli awiri, likanakhala bala la m'nyumba. Tsopano azimayi onse a kutchalitchi kwawo akulidziwa, ndipo Mwiche akadutsa pamsika anthu amamumvera chisoni kawiri.

Nditapita kukamuona ndinamupeza akuchapa zovala za malemu. Anandilandira bwino, anandipatsa mpando, anandiphikira tiyi. Ndinapepesa. Anati ine ndilibe mlandu, ndinangowerenga zimene zinalembedwa. Ndikanakonda akanandikalipira.

Ndikutsanzika analowa m'nyumba n'kutuluka ndi makiyi a nyumba yanu ya m'komboni ya George. Anati ndizikaiona nthawi ndi nthawi kuti akuba asadziwe kuti mulibe munthu, iye akhala kaye kwa amayi ake. Ndinamufunsa kuti mpaka liti. Anati sakudziwa. Zovala zake ndi za Belinda anakatenga kale. Ndinapita ku George Lachiwiri: mbale zonse n'zotsuka, bedi n'loyala, ndipo zithunzi zako zimene anatsukitsa ku Kamwala zikadali pakhoma. Sanachotse ngakhale chimodzi, sanatengenso ngakhale chimodzi. Tanthauzo lake sindikulidziwa, ndipo sindiyesanso kumasulira zinthu za m'nyumba mwanu.

Ba Bwembya ndinakumana nawo m'tauni. Kale akandiona ankayamba kufuula za mbewa tikadali kutali, mpaka anthu kutembenuka. Ulendo uno anandipatsa moni ndi manja awiri, anafunsa za Amayi, anafunsa za kusukulu, n'kupitiriza ulendo. Ulemu umenewo unandipweteka kuposa chipongwe chilichonse chimene ananditukwanapo.

Komabe ndinawathamangira n'kuwafunsa chimene tingachite. Anati akuluakulu a banja adzakhala pansi kumapeto kwa mwezi uno pogawa zovala za malemu, ndipo nkhani ya Mwiche idzakambidwa pomwepo, ngati abwerere ku George kapena ayi. Anati mkamwini amene sanaike nawo maliro amabwera yekha, amalowa m'nyumba, amakhala pansi, amalira, kenako amamuperekeza kumanda. Zimenezi sizichitika pa vidiyo. Anati akabwera, iwo adziwa mmene angayankhulire ndi azichimwene a Mwiche. Akapanda kubwera, iwo alibe pogwira.

Ndikudziwa chimene uyankhe. Unena kuti maphunziro atsala pang'ono kutha, kuti ukachoka pano satifiketi ikhoza kukuphonya, kuti fakitale ndi imene inakutumiza ndipo sungangonyamuka. Pokhala ine, ndinapita kukafufuza. Ndinakwera basi mpaka ku Heavy Industrial Area n'kukaonana ndi a Josiah, akulu a gawo lanu. Anandiuza kuti wantchito amene waferedwa apongozi amaloledwa kubwera masiku ochepa n'kubwereranso, ndipo mnzako wina anachitapo zimenezi chaka chatha bambo ake atamwalira, satifiketi n'kuipezabe. Anati akanakuthandiza ndi za ulendo. Anadabwa kuti sunapemphe.

Tsopano ine ndikufunsa iwe: n'chifukwa chiyani sunapemphe? Ngati unkaopa kuyang'anizana ndi Mwiche chifukwa cha uthenga uja, chimene unkaopacho chachitika kale. Palibenso chobisa.

Pempha mawa. Ubwere mwezi usanathe. Usamutumizire uthenga wautali wofotokoza za netiweki ya m'mapiri kapena za tsiku lomaliza la gulu lanu. Zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma ndaona ndi maso anga zimene zoona zimachita zikafika pa nthawi yolakwika. Ufike, uvule nsapato, ukhale pansi pamene akuloze. Akakupaka ufa, uweramitse mutu. Sindikulonjeza kuti Mwiche abwerera. Ndamuyang'ana m'maso ndipo sindinathe kuwerengamo kanthu. Chimene ndikudziwa n'chakuti ukapanda kubwera, akuluakulu adzagamula iwe kulibe, ndipo iye sadzakutetezanso.

Usandipatsenso mawu oti ndikamuuze. Pabwalo la ndege ndidzakuchingamira, mpaka pageti ku Kanyama ndidzakuperekeza, koma m'nyumbamo udzalowa wekha. Ine ndinalankhulamo kokwanira.

Amayi sindinawauze zonse. Akudziwa kuti Mwiche ali kwawo chifukwa cha maliro, ndipo akuti ndikuuze kuti uzivala zofunda. Belinda ndinamuona akusewera m'matope ndi ana a oyandikana nawo, ali bwino, dzino lakutsogolo lagwa. Alamu ako ndi ana akupereka moni. Undiperekere moni kwa anzako a kwathu amene uli nawo kumeneko.

Mulungu akusunge, akupatse mtima wolimba, ndipo akufikitse kuno bwino.

Ndine mlongo wako,
Ida