Loko Wosadziwa Zala za Eni Nyumba

GULU LA OSWA KOLOSHO LA TUSHIKAMANE, NEWALA
Zolembedwa za msonkhano wapadera wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Seputembala 2024
Malo: Ofesi ya gulu, kuseri kwa shedi yoswera kolosho (mtedza wa mbibu)

Opezeka: Bambo Dadi Nandonde (Wapampando), Bambo Issa Mmole (Msungichuma), Mayi Somoe Likoko (Wosunga makiyi), Mayi Sharifa Chikambo (Woyimira amayi a mushedi), Hadija Namkoko (Mlembi).
Osapezeka: Bambo Selemani Mtanda. Anatumiza uthenga kuti akupopera mitengo mankhwala kumunda.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 9 koloko m'mawa ndi pemphero. Zolembedwa za msonkhano wapitawo zinawerengedwa ndipo zinavomerezedwa.

2. Chitseko cha chipinda cha katundu

Wapampando anakumbutsa komiti kuti mwezi watha loko wopachika wa chipinda cha katundu anapezeka atadulidwa ndi sowo, ndipo matumba a kolosho woswa kale anasowa. Anati chitseko chachitsulo chaikidwa kale, chatsala n'kusankha loko nyengo yokolola isanafike.

Msungichuma anafotokoza mitundu itatu. Woyamba, loko wopachika wokulirapo. Komiti inamukana chifukwa khosi lake limakhala poyera, sowo imafikapo. Wachiwiri, loko wolowa m'kati mwa chitseko, wa kiyi yemwe osula makiyi a pamsika sangamusule. Wachitatu, loko wotsegula ndi chala, yemwe wogulitsa wa ku Mtwara anatibwereka kuti timuyese, ndipo ali kale pachitsekocho. Msungichuma anati iwo akonda wachitatuyu chifukwa kiyi amagwa, amabwerekedwa, amapita kumaliro ndi kuukwati, pamene chala sichichoka pa mwini wake.

Mayi Somoe anafunsa kuti kiyi wa ndani anapita kuukwati. Msungichuma anati sanatchule munthu. Mayi Sharifa anati pagulu pano wosunga makiyi ndi mmodzi, choncho kutchula n'kosafunika. Anapempha zilembedwe kuti akuba anadula loko, sanatsegule ndi kiyi. Zalembedwa.

3. Lipoti la kuyesa loko wa chala

Wapampando anati lokoyo anayesedwa sabata ino. Zala za Wapampando, za Msungichuma ndi za Mlembi anazilandira nthawi yomweyo. Za Mayi Somoe anazikana. Anayesa chala chachikulu, chamkombaphala, mpaka zonse za manja awiri, kanyali kofiira kokhakokha. Wogulitsa atafunsidwa pafoni anati lokoyo amawerenga mizere ya pachala, ndiye mayiwo asambe m'manja bwinobwino.

Mayi Sharifa anati kusamba sikubweza mizere. Mafuta a m'makoko a kolosho amawotcha khungu, ndipo ngakhale munthu adzole phulusa chotani, akaswa zaka zambiri zala zimasalala ngati sopo wotha. Anati izi aliyense mu Newala muno amazidziwa, koma komiti yathunthu inanyamula loko kuchokera ku Mtwara osazikumbukira. Mlembi akuvomera kuti naye sanazikumbukire.

Lachinayi Msungichuma anachotsa loko wopachika yemwe anali wongogwirizira pachitsekocho kuti loko watsopano ayesedwe yekha. Mayi Somoe anafika monga mwa masiku onse, itangotha swala ya m'mawa kumzikiti, koma chitseko chinawakana. Amayi a mushedi anakhala pakhonde opanda kolosho woti aswe mpaka Msungichuma atafika dzuwa litakwera. Msungichuma anati njinga yawo inaphwa. Mayi Sharifa anati njingayo imaphwa tsiku lililonse nthawi ya tiyi. Wapampando analamula kuti mawu amenewa abwezedwe. Sanabwezedwe.

4. Udindo wotsegula chitseko

Msungichuma anapereka ganizo loti gulu ligule loko wa chala, ndipo udindo wotsegula uchoke kwa Mayi Somoe upite kwa munthu yemwe lokoyo akumudziwa. Anati iwo ndi okonzeka kuusenza. Anaonjeza kuti mayiwo akula, apumeko, gulu liwagulira nsalu yowathokoza.

Wapampando anagwirizana nalo ganizolo. Anati ogula a kunja akabwera kudzaona malo amayang'ananso zitseko, ndipo loko wotere amapatsa gulu ulemu. Anati si nkhani ya munthu, ndi nkhani ya katundu.

Mayi Somoe, omwe atsegula chitseko chimenechi chiyambire gululi, anamasula makiyi pansonga ya nsalu yawo n'kuwaika patebulo. Anatambasula manja awo pambali pa makiyiwo. Mlembi walemba mawu awo monga anawanenera:

"Nsalu ndili nazo, bambo Issa. Zala izi sindinabadwe nazo chonchi, zinathera m'shedi momwemu. Lero nyumba yomweyi ikuti sikundidziwa. Chabwino. Koma musanene kuti ndakalamba, nenani kuti mwagula loko wa anthu osagwira kolosho."

Msungichuma anayang'ana foni yawo.

5. Kuvota

Mayi Somoe anakana kuvota ponena kuti munthu sadzimeta yekha kunkhongo. Ofuna loko wa chala: Wapampando ndi Msungichuma. Ofuna loko wa kiyi wolowa m'chitseko: Mayi Sharifa ndi Mlembi. Msungichuma anati mlembi ntchito yake n'kulemba. Mlembi anawakumbutsa kuti malamulo a gulu amamupatsa dzanja limodzi lolembera ndi lina lokweza.

Mavoti atafanana, kunatsala voti yachiwiri ya Wapampando, ndipo aliyense ankadziwa komwe ipite. Asanakweze dzanja, Mayi Sharifa anapempha kuti pachitike kuyesa kumodzi kokha: aitanidwe Mayi Fatu, mayi awo a Wapampando, omwe mpaka lero amaswa kolosho pakona ya shedi, adzaike chala pa lokoyo pamaso pa komiti. Anati akawatsegulira, iwo asintha voti yawo pomwepo. Anaimirira n'kugwira chitseko cha ofesi kuti akawaitane.

Wapampando anati, "Khalani pansi, achemwali. Musawaitane."

Mayi Sharifa anafunsa chifukwa chake.

"Zala zawo ndikuzidziwa. Ndi zomwe zinandipititsa kusukulu."

Kenaka Wapampando anavotera loko wa kiyi. Mlembi sabisa, mtima wake unakhala pansi.

6. Zomwe zagwirizanidwa

(a) Chitseko cha katundu chiikidwe loko wolowa m'kati, ndipo mmisiri awotcherere chitsulo chophimba pomwe lilime la loko limalowa m'felemu, kuti chitsulo chokanulira chisalowepo.
(b) Makiyi akhale awiri okha. Mmodzi kwa Mayi Somoe, wina kwa Wapampando wongosungira tsiku la vuto.
(c) Msungichuma anati kubweza loko wa chala ku Mtwara n'zochititsa manyazi. Mayi Sharifa anati ndiye aikidwe pachitseko cha ofesi, poti olowa mmenemo onse mizere yawo ili bwinobwino. Zinavomerezedwa. Wina anaseka, koma Mlembi sanaone kuti ndani.
(d) Loko wopachika abwezeretsedwe lero mpaka mmisiri atabwera.

7. Zina ndi zina

Mayi Sharifa anadandaula kuti mafuta a kokonati odzola m'manja atha mushedi, amayi akugwiritsa phulusa lokha. Msungichuma anati aona. Wapampando anati asaone, agule Lolemba.

Mayi Somoe ananyamuka kusiya makiyi patebulo. Mlembi atawakumbutsa, anati sanawaiwale. Anati makiyiwo anawalandira m'manja tsiku loyamba lija, sangawatole patebulo ngati otaya. Wapampando anaimirira, anawatenga, n'kuwapereka ndi manja awiri.

8. Kutseka

Msonkhano wotsatira udzakhala Loweruka, 12 Okutobala 2024, pamalo omwewa. Wapampando anatseka msonkhano nthawi itakwana 11 koloko.

Wosunga makiyi, poti salemba, wadinda chala pansipa monga mwa mwambo wa gulu. Wodzawerenga asadabwe kuona banga la inki lopanda mizere. Si kuti inki inatayika, chala chawo ndi chomwecho.

Dadi Nandonde, Wapampando ....................

Hadija Namkoko, Mlembi ....................

Somoe Likoko, Wosunga makiyi (chidindo cha chala)